Chigwa Chimene Sindinachijambule pa Mapu

Misozi, Dalitso ndi iwe Tamara, ana anga, amanu akhala akundiuza kuti nkhani iyi ndiisiye, akuti madzi akatayika sawoleka. Iwo akhoza kutero, chifukwa si iwo amene analembedwa m'kalata ya boma kuti ndi wakuba. Ine Yotamu Mbewe ndinachotsedwa ntchito yolondera nkhalango mu 1997, pa mlandu woti ndinagulitsa mitengo ya mlombwa ya m'phiri la Kadzidzi. Inu munazimva kusukulu, pamsika ndi kutchalitchi komwe, ndipo ine sindinatsutse. Lero ndikutsutsa, ndipo ndikulemba ndili wokwiya monga momwe ndinalili tsiku lija. Za ubwana wanga kumishoni sindilemba. Kafunseni azakhali anu, amazidziwa kuposa ine ndipo amathira mchere wokwanira.

1990

Ntchito yanga yoyamba inali ya ku nazale ya mbande kunja kwa Chipata, kumene ndinakhala zaka zisanu ndi zitatu ndikuthira dothi m'timatumba ta pulasitiki. Agogo anu, amene anali mphunzitsi wamkulu pasukulu ya mishoni, ntchito imeneyo sanaikonde n'kamodzi komwe. Nditawauza kuti andikweza ndipo ndikupita ku Kadzidzi kukalondera nkhalango, anavula magalasi n'kunena kuti, "Ndinakuphunzitsa Chingerezi kuti uzikalankhula ndi anyani?" Mkulu wathu ku ofesi ya zankhalango nthawi imeneyo anali a Nyirenda, munthu wofatsa amene nsapato zake zinkakhala ndi fumbi la m'tchire. Iwo anandipatsa zinthu zitatu: njinga yakuda, pampu, ndi nyundo ya chidindo. Nyundo imeneyi muimvetse bwino, chifukwa ndi imene inandidya. Kumutu kwake kunali nambala yanga ine ndekha. Mtengo ukadulidwa ndi chilolezo, mlonda ankamenya nyundoyo pa chipika, nambala n'kudindika, ndipo chipika chodindidwa chinkadutsa msewu uliwonse popanda wofunsa. A Nyirenda anandigwira dzanja nati, "A Mbewe, njinga mukhoza kubwereketsa mnansi wanu akadwalitsa. Koma nyundo iyi musabwereketse munthu, ngakhale ine amene."

Kampu yathu inali nyumba ziwiri zamalata m'tsinde mwa phiri, mukapatuka pa msewu wa ku Mwami. Ntchito yanga inali kuzungulira phirilo pa njinga kawiri pa sabata. Ndinkanyamuka mame asanaume, n'kutsata msewu wakale wa miyala umene unkakwera mokhotakhota pakati pa mombo ndi masuku. Mtunda woyamba unkakwereka utakhala pa chishalo. Wachiwiri unkafuna kuti uimirire pa mapedulo uku ukupempha Mulungu. Wachitatu palibe mwana wa munthu anaukwerapo, unkangotsika n'kumakankha. Koma ukafika pamwamba, ana anga, msewu unkayenda chopingasa m'nthiti mwa phiri pansi pa mthunzi wokhawokha, ndipo unkatha ola lathunthu osamva kanthu koma tcheni cha njinga yako, njiwa, ndi masamba ouma akuphwanyika pansi pa matayala. Galimoto sinkafikako. M'dzinja bowa ankamera pakati penipeni pa msewu, moti ndinkachita kumuzemba ndi gudumu kenako n'kubwerera kukamuzula. Ine ndine wolongolola, inu mukudziwa, koma m'phiri muja ndinkakhala chete ngati ndili m'tchalitchi.

Kumeneko n'kumene kunali milombwa ikuluikulu, yoti munthu mmodzi sakanaikumbatira. Poti ndine mwana wa kumishoni, ina ndinaipatsa maina a akuluakulu a mpingo. Waukulu kuposa yonse, wokhala ndi chipsera cha mphezi kuchokera kumwamba mpaka pansi, unali Abusa. Pambali pake panali Amayi Busa, wofupikirapo koma wojintcha. Kutsogolo pang'ono kunali Mlembi, wowerama ngati akulemba maminitsi. Ndikamadutsa ndinkaliza belu n'kupereka moni, ndipo sindichita manyazi kunena zimenezi.

Zosowa zinali zambiri. Makalata opempha machubu ndinalemba mpaka cholembera chinauma, yankho linali limodzi lomwelo, lakuti kulibe, dikirani. Chubu changa chinafika poti zigamba zinachuluka kuposa chubu chenichenicho, ndipo kawiri konse ndinafika kunyumba nditatsendera udzu m'tayala. Mphira za mabuleki ndinkachita kusema kuchokera ku tayala lakale la lole. Akuluakulu a m'maofesi ankafuna lipoti la mwezi ndi mwezi lolembedwa mwaukhondo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsapo kuti munthu amatsika bwanji phiri ndi mabuleki oterowo.

1992

Chaka cha chilala chija mitsinje yonse yozungulira phiri inaphwa, chimanga chinapsa chisanamasule, ndipo anthu a m'midzi anathamangira ku makala chifukwa kunalibe china chogulitsa. Lamulo linali lakuti wopezeka ndi makala opanda chilolezo timulande njinga. Panali munthu mmodzi amene ankandizunguza mutu. Ndinkamuona patali atasanjikiza matumba atatu pa kaliyala, koma ndikamuthamangira ankangosowa pafupi ndi chimwala chachikulu cha kuseri kwa phiri. Ine ndinkadzitama kuti mapazi a njinga ndimawawerenga ngati Baibulo. Pamalo pamenepo pankakhala ngati pasesedwa.

Tsiku lina masana ndinamubisalira. Anafika, natsika pa njinga, nathyola chinthambi chachikulu cha masamba ambiri, nachimangirira ndi chingwe kumbuyo kwa kaliyala, kenako analowa kuseri kwa chimwala chija pa kampata kamene ine ndinkakadutsa osakaona. Ndinaseka ndekha kuti taonani wamisala akukoka tchire. Safunsa anadya phula. Ndinakwera njinga n'kumulondola, ndipo nditangokhota ndinaona kuti njirayo ikutsetsereka ngati denga la tchalitchi. Ndinafinya mabuleki, mphira zanga za lole zinangofwamphuka zonse ziwiri. Munthu uja ndinamupitirira ngati mphepo, iye akutsika pang'onopang'ono chinthambi chake chikukwekwerezeka pansi, ndipo ndinamumva akukuwa kuti, "Mayo, abwana, gwirani mtengo!" Mtengo ndi umene unandigwira ine.

Nditatsitsimuka ndinali chogona pa mwala wozizira, munthu uja akunditsuka magazi kumutu ndi madzi otunga m'chipewa changa cha boma. Madzi, chaka chimenecho! Ndinayang'ana uku ndi uku. Tinali m'chigwa chakuya chimene ine, mlonda wa phirilo, sindinkachidziwa. Kasupe ankatumphuka pansi pa thanthwe, ndipo ponse pozungulira panali mibawa ndi milombwa yoongoka, yoti Abusa anga pamenepo akanaoneka mwana wa Sande sukulu.

"Ndinu ndani?" ndinafunsa.

"Gelevaziyo Tembo, bwana, wa mudzi wa kumunsi uko. Musadzuke msanga."

"Mukudziwa kuti njinga yanu ndailanda?"

"Eya, bwana, mwailanda. Nanga mukadapanda kuilanda mukanakwera iti popita kunyumba? Yanuyo gudumu lapindika ngati chikwakwa."

Anandifotokozera kuti chigwacho amachitcha Mnjeza, ndipo midzi itatu ya kumunsi inkamwa kasupe ameneyo zitsime zonse zitauma. Kumunsi chigwacho chimatulukira pa mpata wopapatiza wa miyala, moti wodutsa kunja saona kanthu. Makolo awo anapangana kalekale kuti nkhwangwa isalowemo, chifukwa mitengo ikachoka madzi amasamuka. Makala ankaotcha kutali, m'chigwamo ankangodutsa. Za chinthambi chija anati, "Ichi ndi buleki, bwana, komanso ndi tsache. Chimagwira njinga, chimafufuta mapazi. Tonse otsika muno timatero, kuti mlendo asaone kuti pali njira." Anatsitsa makala ake, nandikhazika pa kaliyala, n'kundikankha mpaka ku kampu. Njinga yake sindinailande. Tinapangana kuti iye ndi anzake asamaotche makala m'mbali mwa msewu wanga wa milombwa, ine ndisalembe za Mnjeza mu lipoti. Kuyambira pamenepo nanenso ndinkatsika ndi chinthambi, mwana wa aphunzitsi kuphunzitsidwa ndi wootcha makala wa Chikatolika amene sukulu analekera giredi yachitatu.

1995

A Nyirenda atapuma ntchito, m'malo mwawo munabwera a Daka. Anabwera ndi galimoto yoyera, nsapato zowala ndi mawu otsekemera. Mwezi wawo wachiwiri anandiitanitsa ku ofesi ku Chipata, nandikhazika pa mpando wa khushoni, n'kuitanitsa tiyi wamkaka. Zaka khumi ndi zitatu ndili pa ntchito ndinali ndisanamwepo tiyi mu ofesi imeneyo. Anati, "A Mbewe, ndamva kuti phiri lija mumalidziwa ngati pakhomo panu. Masiku ano zinthu zasintha, nkhalango iyenera kudzidyetsa yokha. Kuli azungu ndi anyamata a ku Lusaka amene amakonda kupalasa njinga m'mapiri mopanda phokoso. Tikawaitana, wowatsogolera ndinu. Mutijambulire mapu a njira yanu yonse, ndipo muike chizindikiro pa mtengo waukulu uliwonse, chifukwa alendo amakonda kujambulitsa pa mitengo. Inuyo njinga yatsopano ya magiya ikubwera."

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinabwerera ku kampu ndikuimba nyimbo za m'buku njira yonse. Ndinadziona kale ndili patsogolo pa azungu, ndikuwalozera Abusa m'Chingerezi cha agogo anu. Masabata awiri ndinayenda ndi chingwe ndikuyeza mitengo, kenako ndinajambula pa chipepala chachikulu ndi mapensulo amitundu amene ndinabwereka kwa iwe Misozi. Mlombwa uliwonse ndinauikira kamtanda kofiira, kukula kwake pambali. Ndinalemba pamene msewu uli wolimba, pamene pamaterera, ndi pamene pali potakasuka poti njinga zambiri zingaime. Amanu anasuzumira n'kunena kuti, "Atate ake Misozi, bwana amene sanakwereko njinga akuifuniranji njira ya njinga?" Ndinawayankha kuti za ofesi azisiyire a ofesi. Mawu amenewo andikumbutsa kambirimbiri, ndipo ali ndi ufulu.

Mnjeza sindinaijambule. Musaganize kuti inali nzeru, anali mantha chabe. Ndikanaijambula akanandifunsa kuti bwanji zaka zitatu zonsezi sinatuluke m'malipoti, ndipo njirayo ndinaidziwa bwanji. Ndikanayenera kuulula za njinga imene sindinalande, ndi za kugwa kwanga kochititsa manyazi kuja. Pamalopo ndinangopaka mtundu wotuwa n'kulemba kuti matanthwe.

A Daka anayamikira mapuwo mpaka anaitana akalaliki kuti adzaone. Patangopita mwezi, anandiitananso. Akuti mnzathu woyang'ana malole a matabwa ndi makala pa malire a Mwami akudwala, ndikagwirizire miyezi inayi. Pamene ndinkaimirira anati, "Nyundo ija musiye kuno, zonse zikupita kulikulu kukaunikidwa." Ndinakumbukira a Nyirenda. Ndinaigwira nyundoyo m'chikwama, dzanja likukana kutuluka. Koma munthuyo anali atandimwetsa tiyi, anali akumwetulira, ndipo ife a kumishoni tinaleredwa kuti wamkulu safunsidwa kawiri. Ndinachita manyazi kumupempha kuti asaine kuti walandira, ngati ndikumuyesa wakuba. Ndinaiika pa tebulo. Ndiye ndinathokozanso. Ndinathokoza, ana anga!

Ku Mwami kunali fumbi, malole ndi amayi a geni oyenda uku ndi uku ndi mitolo yawo. Inu ndi amanu munatsala ku kampu. Mwezi wachiwiri amanu anatumiza uthenga kuti m'phiri mukulira makina ndipo malole akukwera ndi kutsika. Ine chitsiru ndinabweza yankho lakuti asade nkhawa, akukonza msewu wa alendo a njinga. M'mawa wina mwezi wachitatu kunafika lole yaikulu yodzaza zipika za mlombwa. Ndinakwera kuti ndione zidindo monga mwa ntchito. Nambala inali yanga. Chipika chilichonse nambala yanga, yomenyedwa mwamphamvu ndi dzanja la munthu wopanda nkhawa. Pansi penipeni panali chipika chachikulu kuposa zonse, chokhala ndi chipsera cha mphezi. Ndinachisisita. Mlombwa ukadulidwa umatulutsa utomoni wofiira ngati magazi, ndipo unandimata m'manja.

Dalaivala anasuzumira pa windo nati, "Mudala, pali vuto? Mapepala ndi awa, chidindo ndi icho."

"Chidindochi n'changa," ndinatero.

"Ndiye zili bwino kwambiri. Tsikani tizipita."

A kasitomu anayang'ana mapepala, anati zonse zili m'malo mwake, ndipo sananame. Ine ndinakaima pakati pa msewu nditatambasula manja mpaka wapolisi anandikokera pambali, akuganiza kuti ndamwa. Abusa anawoloka malire ine ndikuona.

1996

Nditabwerera ku kampu ndinakwera phiri tsiku lomwelo. Msewu wanga unali utakumbika ndi matayala a malole, moti malo ena ndinachita kusenza njinga. Mapu aja ndinali nawo m'mutu, ndipo ndinawatsata. Paliponse pamene ndinaika kamtanda kofiira panali chitsa. Sanaphonye ndi umodzi womwe, ndipo sanavutike kufunafuna, poti chitsiru china chinali chitawayezera kale ndi chingwe. Pamene ndinalemba kuti njinga zingaime m'pamene anaimika malole. Dzuwa linkaotcha pamsewu pamene kale panali mthunzi, njiwa kunalibe. Pa chitsa cha Mlembi anasiyapo chigubu cha mafuta. Ndinakhala pa chitsa cha Amayi Busa ndikulira ngati mwana, kenako ndinapalasa mpaka ku Chipata osapuma, ndipo mu ofesi ya a Daka ndinalowa osagogoda.

"Alendo a njinga aja ali kuti, bwana?"

"A Mbewe, khalani pansi."

"Sindikhala. Nyundo yanga ili kuti?"

"Zimenezo ndikufunseni inu," anatero mosatekeseka. "Buku likusonyeza kuti ili m'manja mwanu kuyambira 1990. Muli ndi pepala loti munandipatsa?"

Ndinalibe. Anandisiya ndiime pamenepo mpaka thukuta linauma, kenako anatsitsa mawu. "Komatu zinthu zimakonzeka. Anyamata odula aja akuti midzi ya kuseri kwa phiri sinasowe madzi chaka cha chilala. Pali madzi pamakhala mitengo. Afunafuna njira, sanaipeze, ndipo anthu a kumudziko akuchita ngati sadziwa Chinyanja. Mapu anu akuti matanthwe. Mukakumbukira bwino, nanenso ndikumbukira kumene kuli nyundo." Ndinawauza kuti ndi matanthwe, n'kutuluka. Chitseko ndinamenyetsa, ndipo mpaka lero ndimadandaula kuti sichinaguluke.

Ndinalemba kalata yaitali yopita kulikulu, yofotokoza zonse. Tsono tamvani lamulo la boma: kalata ya wantchito wamng'ono imadzera mu ofesi ya mkulu wake. Ndiye kuti mbuzi ikafuna kudandaula za fisi, kalatayo ipereke kwa fisi yemweyo kuti akaponye. Kalata yanga inalowa kwa a Daka ngati dandaulo, inatuluka ngati mlandu wanga. Anandiimitsa ntchito podikira kufufuza. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Iwo anapitiriza kuyenda pa galimoto yoyera, ine chaka chathunthu ndili pakhomo, anthu akundiloza ndi milomo. Kumpingo anandipempha mwaulemu kuti ndiyambe ndapumira kuwerenga Mawu. Mwayi wake agogo anu anali atatsogola kale, sanazione.

1997

Mlandu unakambidwa mu ofesi yomwe ija ya tiyi. Kuchokera ku Lusaka kunabwera amayi Zulu, mayi wa imvi zake, wosathamanga polankhula. A Daka anakhala pambali pawo, mapu anga atawayala pa tebulo ngati umboni. Anati, "Taonani, mayi, anachita kujambula yekha mitengo yoti agulitse, ndi miyezo yake yomwe. Chidindo n'chake. Tifunanso chiyani?" Ndinafotokoza za alendo a njinga, za nyundo, za Mwami. Zinkamveka ngati nthano ngakhale m'makutu mwanga momwe. Amayi Zulu anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanali munthu woipa, ndipo sindikufuna kuti muwaike gulu limodzi ndi a Daka. Anati, "Bambo Mbewe, nkhope yanu sikugwirizana ndi pepala ili, koma ine sindingalembe za nkhope. Wogulitsa nkhalango amagulitsa yonse. Ngati m'dera lanu muli malo a milombwa amene munkawadziwa koma simunawaike pa mapu awa, tiuzeni. Tipita tonse lero lomwe ndikaone ndi maso anga, ndipo ndilemba kuti munthu uyu amasunga mitengo. Ntchito yanu ikhala, dzina lanu liyera."

Ndinaona a Daka akutola pensulo n'kusendeza mapu aja pafupi ndi iwo. Pamenepo ndinadziwa mmene ziyendere. Amayi Zulu akaona mitengo, ayamikira, alemba, Lachisanu akwera basi ya ku Lusaka. A Daka atsala, ndi nyundo yanga m'kabati. Ndinaganiza za inu atatu, za nyumba ya boma, za mayeso ako iwe Misozi amene anali pafupi. Ndinaganizanso za amayi a midzi itatu ndi ndowa zawo, ndi za Gelevaziyo akunditsuka magazi ine wofuna kumulanda njinga. Mapu amodzi ndinali nditajambula kale, ndipo ndinali nditaona zimene amabala.

"Palibe, mayi. Kuseri kuja ndi matanthwe okhaokha."

"Mwaganiza bwino, bambo?"

"Ndaganiza."

Anatseka fayilo pang'onopang'ono, ngati akundipatsa mpata wina. Sindinautenge. Ndinanama pamaso pa boma, ine mwana wa mkulu wa mpingo, ndipo bodza limenelo ndi chinthu chimodzi chokha m'nkhani yonseyi chimene sindichita nacho manyazi. Njinga anandilanda tsiku lomwelo, ndi pampu yomwe. Ndinafuna kuchotsa chubu poti zigamba zonse zinali zanga, koma ndinaleka. Ku kampu ndinabwerera wapansi.

Tsiku lotuluka m'nyumba ya boma lole sanatipatse. Tinali titaunjika katundu panja, osadziwa kuti tichita naye bwanji, pamene kunatulukira njinga zisanu ndi ziwiri za ootcha makala, Gelevaziyo ali patsogolo. Mesenjala wa ku ofesi anali mlamu wake, ndipo makoma a ofesi ya boma ndi opyapyala. Anavula chipewa nati, "Tamva, bwana."

"Mwamva chiyani, a Tembo?"

"Tamva kuti kuseri kuja ndi matanthwe okhaokha."

Anayamba kumanga bedi pa kaliyala. Katundu wathu anafika mu komboni ku Chipata ali bii ndi makala, ndipo za matiresi aja amanu amadandaulabe.

Tsopano ndifike pamene pamandipweteka. Iwe Misozi unali giredi naini. Anzako kusukulu ankakutcha mwana wa matabwa. Tsiku lina unafika n'kuima pakhomo la kanyumba kaja uli ndi yunifolomu, sunakhale pansi, unafunsa kuti, "Atate, n'zoona kuti munagulitsa phiri?" Ine ndinakuyankha kuti, "Kawerenge mabuku ako." Ndinaopa kuti ndikakuuza, mawa anzako akakuputa udzanditeteza, ndipo dzina la Mnjeza lidzayenda kuchoka m'kalasi mpaka pa tebulo la a Daka. Unandiyang'ana, unalowa m'nyumba, ndipo kuyambira tsiku limenelo sunandifunsenso kanthu kakukulu, ngakhale pamene unkakwatiwa. Umandilemekeza, umanditumizira mankhwala a miyendo, koma maso aja ndimawaonabe. Ntchito a Daka anandibera, dzina anandibera, koma ichi n'chimene sindiwakhululukira, ndipo abusa athu akudziwa kuti ndinawauza zomwezo.

Zaka zotsatira mukuzidziwa. Ndinakonza njinga za anthu pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu mpaka maso anayamba kuchita chifunga. A Daka anakwezedwa, anasamuka, ndipo ndinamva kuti anamwalira, maliro awo a nkhata zambiri ndi zolankhula zokoma. Msewu wa pamwamba pa Kadzidzi tsopano ndi zitsamba ndi dzuwa, alendo a njinga sanabwere ndi mmodzi yemwe. Koma chaka chatha titakolola ndinapita ku Mnjeza ndi Gelevaziyo, tonse awiri tikukankha njinga ngati agogo enieni. Kasupe akutumphukabe. Mitengo ija yangonenepa.

Iwe Dalitso ndikukudziwa, ukawerenga izi unena kuti atate jambulani njirayo, tiike pa foni anthu adziwe kuti munali osalakwa. Ayi. Maina a phiri ndi chigwa ndalemba munowa si enieni, ndipo mapu sindidzajambulanso mpaka kufa. Tamara, iwe unali wakhanda, ingosunga pepalali.

Misozi mwana wanga, funso lako lija lakhala zaka zambiri pakhomo lili chiimire. Yankho ndi lakuti ayi, sindinagulitse. Mbali imodzi ya phiri ndinapereka ulere chifukwa cha kapu ya tiyi, ndipo mlandu umenewo ndimauvomera. Mbali inayo ilipo. Ubwere m'chilimwe miyendo yanga ikadali kuyenda, ubwereke njinga ya mabuleki abwino, pepala ndi foni usiye kunyumba. Tikafika pa chimwala paja ndidzakuthyolera chinthambi.